Tsiku Limene a Harawa Anamwa Tiyi

Ku Rumphi Boma munthu akafuna kugula nyumba yakale, makamaka zija za kumunsi kumene misewu imatsetserekera ku mtsinje wa Rukuru, anzake sayamba ndi kufunsa mtengo. Amafunsa kuti, "Nanga a Harawa amwa?" Mlendo akamva funso limeneli amayesa a Laws Harawa ndi chidakwa cha m'tauni. Pepani, bamboyo ndi mkulu wa mpingo, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Chimene anthu amafunsa ndi tiyi.

A Harawa ndi mmisiri womanga nyumba, kapena tinene kuti anali, pakuti chigwereni padenga la tchalitchi china ku Mhuju zaka khumi ndi zitatu zapitazo, mwendo wawo wamanzere sugwirizananso ndi makwerero. Ntchito imene inawatsalira ndi yoyendera nyumba zimene anamanga anthu ena. Amafika pa njinga yawo yakuda, atavala jekete ngakhale kutenthe chotani, kachikwama kansalu kali paphewa. M'kachikwamamo mulibe zambiri: kanyundo, tochi, msomali wautali ndi botolo la madzi. Ndi kanyundoko amagogoda pansi ndi m'makoma, khutu atalitchera, kumvetsera pamene pakulira ngati ng'oma. Msomali amabaya nawo mafelemu a zitseko kuti aone ngati chiswe chinadya m'kati n'kusiya penti yokha. Koma chimene anthu amaunjikanira pawindo kuti aone ndi botolo lija. A Harawa amaima pakati pa chipinda, kuthira madzi pang'ono pasimenti, kenaka n'kupinda manja. Madziwo akangokhala pamene agwera, chipindacho chili bwino. Akayamba kuyenda, a Harawa amawatsatira ndi maso mpaka kumene akupita, ndipo nkhope yawo sisintha.

Vuto lawo lili pakamwa. Maso ali nawo akuthwa, makutunso chimodzimodzi, koma kuti anene pamaso pa mwini nyumba kuti, "Nyumba yanuyi yatha," lilime limawauma. Pa nyumba yoyamba imene anayendera, mwini wake atawabweretsera tiyi, iwo anangothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, ndamwa kale," n'kukwera njinga yawo. Wogulayo anali munthu wakumva, anabweza mwendo. Mvula ya chaka chomwecho khoma la kuchipinda linagwa, ndipo nkhani inawanda mpaka ku Hewe. Kuyambira pamenepo aliyense akudziwa: a Harawa akamwa tiyi, gula, akakana, thawa. Masiku ano eni nyumba amatereka madzi bamboyo asanatsike n'komwe panjinga. Wina anafika pogula masikono ndi mkaka wa m'chitini, ngati kuti chiswe chimaopa masikono.

Anthu amati umenewu ndi ulemu. Kunena zoona, theka lake ndi mantha, ndipo a Harawa eni ake amadziwa.

Ulemuwo anaphunzirira m'nyumba ina ya kumunsi komweko, yanjerwa zowotcha, ya malata ofiira ndi khonde lalitali. Bambo awo anapita ku migodi ya ku Joni osabwereranso, mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Aphunzitsi a Elias Msiska ndiwo anakamutola mwanayo ku Mhuju, mphere ili thupi lonse. Akazi awo a aphunzitsiwo, NyaLuhanga, anamusambitsa, kumudzoza mankhwala, ndi kumusokera kabudula wake woyamba. Atakula anamupezera malo kusukulu ya zaumisiri ya mishoni. Ntchito yake ya m'mawa zaka zonsezo inali kutunga madzi kumtsinje, ndipo aphunzitsi, amene sankalola chinthu kudutsa osachisandutsa masamu, ankamuuza kuti aziwerenga mapazi. Anawerenga mpaka atamera ndevu. Kuchokera pakhomo la khitchini kukafika pamadzi anali mapazi makumi asanu ndi awiri a munthu wamkulu: kudutsa kamunda ka chimanga, mizere iwiri ya nthochi, mtengo wa mango, kenaka bango.

Aphunzitsi anamwalira kalekale. Ana awo anabalalika, wina ku Mzuzu, wina ku Lilongwe. A Harawa ankapita kukaona NyaLuhanga pa Khirisimasi, koma ankathera pakhonde la kutsogolo. Kuseri kwa nyumba anali asanapiteko zaka zambiri, ndipo sanadzifunsepo chifukwa chake mayiwo sankawatumanso kumeneko.

Chaka chatha, mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, panjira ya kumsika anawaimitsa mayi wina wovala yunifolomu yoyera. Anali a Brenda Kachingwe, namwino wochokera ku Ntcheu, amene anali atatha zaka ziwiri pa Boma pano akuchita lendi chipinda chimodzi ndi ana awo aakazi awiri. Chitumbuka chawo chinali cha moni basi. Anali atagulitsa malo amene bambo awo anawasiyira kwawo kuti ana akhale ndi pogona pawopawo.

"Ndinu a Harawa? Ndapeza nyumba, koma mnzanga Wezi wa kuntchito akuti ndisapereke kalikonse inu musanaione. Akuti simuyankhula, ndingoyang'ana kapu basi." Anaseka. "Kuno muli ndi miyambo yanu."

"Nyumba yake iti, anesi?"

"Ya malata ofiira ija, ya agogo NyaLuhanga."

A Harawa akanatha kunena kuti atanganidwa. Akanatha kunena kuti nyumba imeneyo ndi kwawo, apeze wina. Koma anaganiza kuti nyumba ya aphunzitsi ndi yolimba, anaona khonde lake likumangidwa, ndipo kumwa tiyi kumeneko kukhala kosavuta. Anavomera Lachiwiri.

Lachiwirilo kunacha kopanda mphepo. Mitambo inali itaunjikana pamwamba pa mapiri a Nyika, yakuda kumunsi, osasuntha. NyaLuhanga anawalandira pakhonde atatsamira ndodo, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, mawondo otupa.

"Laws, mwana wane. Wabwera kudzayesa mayeso nyumba imene inakulera?"

"Ndi ntchito chabe, amama."

Pabalaza panali bwino. Kanyundo kanalira molimba, madzi anakhala pamene anagwera. Anayatsa tochi kuyang'ana kudenga: mitengo yake inali yakale koma yamoyo. A Brenda ankawatsatira kumbuyo, manja atagwira chikwama pachifuwa, akuwerenga nkhope imene sinkanena kanthu. Chinthu choyamba chimene chinawadabwitsa a Harawa chinali penti. M'nyumba zambiri kuno amapaka kamzere kakuda m'munsi mwa khoma, kofika m'kakolo. Muno penti yamafuta yobiriwira inafika m'chiuno, ndipo inkanunkhabe. Anakanikiza chala pakhoma, pulasitala inali yofewa ngati chigumu cha dzulo.

Kenaka anafika kuchipinda cha kumbuyo, chimene iwo ankagona ali mnyamata. Chitseko chinali chopalidwa m'munsi mopendekera, mbali imodzi kwambiri, kuti chizitsekekabe. Mmisiri aliyense amadziwa kuti chitseko sichikula, ndi nyumba imene imapendekeka. Pakona ya kumtsinje panali kabati wamkulu, ndipo kuseri kwake tochi inaonetsa mng'alu wotsekedwa ndi simenti yatsopano, imene inali itang'ambikanso. Anagogoda pansi. Panalira ngati ng'oma.

"Chipinda ichi ndachikonda," anatero a Brenda. "Chili ndi mphepo yabwino. Muno muzigona atsikana anga."

A Harawa anatsegula botolo, nathira. Madziwo sanaganizeko n'komwe. Anayenda ngati atumidwa, molunjika pansi pa kabati, ndipo sanadikhe paliponse. A Brenda nthawi imeneyo n'kuti akusuzumira pawindo, kuyeza ndi dzanja kukula kwa katani.

A Harawa anatulukira pakhomo la khitchini okha, n'kuyamba kuwerenga. Kamunda ka chimanga kanalipo theka. Nthochi kunalibe. Mtengo wa mango kunalibe. Paphazi la khumi ndi chisanu ndi chinayi nthaka inathera pomwepo, phompho lotalika kuposa munthu, ndipo pansi pake Rukuru anali kuyenda mwakachetechete, wochepa, wooneka wosalakwa monga amachitira mu Novembala. Anawerama kusuzumira. Madzi anali atakumba mphanga pansi pa gombelo, mizu ya udzu ikulendewera m'malere, ndipo m'dothimo munali kachinyezi kotuluka mbali ya kunyumba. Mtsinje unali utasiya njira yake yakale, n'kukhotera kuno, ndipo chaka ndi chaka unkadya mapazi angapo. Anaimirira pamenepo nthawi yaitali.

Anabwerera pakhonde mawu ali okonzeka, mawu awo akale aja anayi: yewo chomene, ndamwa kale. Anali atawanena kwa amalonda, kwa apolisi opuma ntchito, ngakhale kwa abusa. Anakhala pampando, chikwama pamiyendo, kuti akangowanena anyamuke.

NyaLuhanga anatuluka m'nyumba opanda ndodo, atagwira kapu ndi manja awiri. Sinali kapu ya alendo. Inali kapu yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu, yosupuka pachogwirira, imene aphunzitsi a Msiska ankamwera m'mawa uliwonse, imene Laws wamng'ono ankaitsuka ndi mchenga wa kumtsinje. Mayiwo anayenda pang'onopang'ono, tiyi akugwedezeka. Atafika patsogolo pawo, anayamba kugwada. Mawondo analira. Bondo limodzi linafika pasimenti, kenaka linalo, nkhope itakwinyika ndi ululu. Mayi amene anawasambitsa mphere anali atawagwadira.

"Pokera, mwana wane," anatero, akukweza kapuyo kuti alandire.

A Harawa anayang'ana manja okalambawo akunjenjemera, tiyi wotentha akudonthera pa zala. Anadziuza kuti angolandira kuti mayiwo asapse. Atalandira, anadziuza kuti angogwira. NyaLuhanga sanadzuke. Anangokhala chogwada, maso ali pa iwo, kudikira.

Anamwa. Tiyiyo anali ndi shuga wambiri, monga ankamukondera ali mwana.

A Brenda anawomba m'manja. "Ambuye alemekezeke! Zikomo, bambo, mwandichotsa nkhawa. Ndakhala masiku atatu osagona."

Usaone munthu wamkulu akupalasa njinga mothamanga chonchija masana, kuyesa wachedwa kwina. A Harawa ankathawa. Anafika kunyumba osadya, akazi awo n'kumafunsa ngati ndi malungo. Anatsimikiza mumtima kuti mawa m'mawa akawapeza anesi aja kuntchito, akawauza pambali. M'mawa mwake anafikadi pageti la chipatala. A Brenda anawaona patali, anawakwezera dzanja, n'kuuza anzawo mokweza kuti, "Awo ndi bambo anandimwera tiyi aja!" A Harawa anavula chipewa, anamwetulira, nabwerera.

Anaganiza zoyambira kwina. Lachisanu anapita kwa NyaLuhanga, anawapeza akulongedza mabuku a aphunzitsi m'makatoni.

"Amama, nyumba iyi musagulitse. Mtsinje wafika pafupi chomene."

Mayiwo sanatembenuke. "Ukuuza ine? Mango aja anagwa ndikuona ndi maso angawa. Zaka khumi tsopano, mvula ikayamba ndimagona nsapato zili kuphazi. Ndimamva dothi likugwera m'madzi, phu, phu, ndili ndekha m'nyumba muno. Iwe unali kuti, Laws? Unkabwera pa Khirisimasi kudzakhala pakhonde."

"Koma mayi aja ali ndi ana awiri."

"Inenso ndili ndi ana, ndipo wa ku Mzuzu wandipezera kanyumba pafupi ndi chipatala. Ndikapanda kugulitsa, ndikalowamo ndi chiyani?" Anatseka katoni, kenaka anawayang'ana. "Ine sindinanene bodza kwa munthu. Sanandifunse za mtsinje. Anafunsa iwe. Ndipo palibe anakutsegula pakamwa, wamwa wekha."

Apo mpamene a Harawa anazindikira chimene mtima wawo unkakana kuona. Mayiwo anakhala pa Boma pano moyo wawo wonse, mwambo wa tiyi ankaudziwa bwino kuposa wina aliyense. Kapu ija sinatuluke mwangozi, ndipo mawondo aja sanagwade mwangozi. Anafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. Kunabwera manyazi okhaokha, chifukwa zonse zimene mayiwo ananena zinali zoona.

Ndiye anachita chimene anthu amantha amachita: anadikira. Anadziuza kuti zamapepala zimachedwa, kumaofesi kumafunika miyezi, nthawi ilipo. Anadziuza kuti akawauza anesiwo Lamulungu likudzali, akatuluka m'tchalitchi. Lamulungulo linadutsa, linanso linadutsa. Anthu awiri anabwera kudzawapempha kuti akaone nyumba zina, iwo anakana, ati mwendo wavuta. Kunyumba anasiya kumwa tiyi wa m'mawa. Tsiku lililonse ankatuluka panja kuyang'ana ku Nyika, ndipo tsiku lililonse mitambo inali itatsikirako pang'ono.

Mvula inayamba kumapiri isanafike pa Boma. Masiku awiri kunkang'anima ndi kugunda kumtunda, kuno kuli fumbi. Tsiku lachitatu, Loweruka, a Harawa ali pamsika akugula misomali, wogulitsayo anati, "Mwamva? Agogo NyaLuhanga anyamuka Lachinayi. Anesi aja alowa dzulo, lole inadutsa pano ndi mabedi. Mwayi wawo, nyumba yomweredwa tiyi ndi a Harawa." A Harawa misomaliyo anaisiya pomwepo.

Phokoso analimva asanaione nyumba. Rukuru sanalinso wachete. Ankabangula pansipansi, mawu olowa m'chifuwa, ndipo mphepo inkanunkha dothi lonyowa. A Harawa sanagogode kutsogolo. Anatsamiritsa njinga, kuzungulira kuseri, kuima pakhomo la khitchini n'kuyamba kuwerenga. Madzi anali ofiira, odzaza, atanyamula nthambi ndi mapesi. Anawerenga kawiri poganiza kuti alakwitsa. Mapazi anali khumi ndi asanu ndi awiri.

"A Harawa! Mukuzembera kuseri ngati wakuba bwanji?" A Brenda anali pawindo, nsalu kumutu, tsache m'manja, akusangalala. "Lowani muone mmene takonzera. Inu ndinu mlendo wathu woyamba."

Analowa. Pabalaza panali makatani atsopano, zithunzi za ana zitapachikidwa kale pakhoma. Atsikana awiri aja, wina wa sitandade sikisi, wina wa sitandade thuu, anabwera kudzagwada kupereka moni, n'kuthamangira pakhonde la kutsogolo kukasewera. A Brenda analowa kukhitchini, ndipo posakhalitsa anatuluka ndi kapu pa mbale.

"Nthawi ija munamwa wa agogo. Lero mumwe wanga."

A Harawa analandira. Anaimirira.

"Anesi, tabwerani."

Anawatsogolera kuchipinda cha kumbuyo. Kabati uja anali atapita ku Mzuzu, ndipo pakona ya kumtsinje, pomwe panali kabatiyo, panali bedi la ana, loyalidwa bwino, neti itamangidwa pamwamba, nsapato ziwiri zazing'ono za kusukulu zili pansi pake. Mng'alu uja anali ataubisa ndi kalendala. A Harawa anaima pakati pa chipinda, n'kupendeketsa kapu. Tiyi anagwera pasimenti.

"Bambo, mukutani?"

"Taonani kumene akupita."

Tiyiyo anayenda mzere umodzi woonda, wofuka nthunzi, anadutsa pakati pa nsapato zija, nalowa pansi pa bedi. A Brenda anagwada kusuzumira. Pakona penipeni, pamene simenti inalekana ndi khoma, tiyi ankalowa pansi osatsala ndi dontho, ndipo m'kampata kameneko munkatuluka kamphepo kozizira.

"Pansi pa chipinda chino palibe dothi lokwanira," anatero a Harawa. Mawu ankatuluka movutika, ngati munthu amene akuphunzira kuyankhula. "Mtsinje ukukumba kunsi. Ndili mnyamata, kuchokera pakhitchini kukafika pamadzi anali mapazi makumi asanu ndi awiri. Tsiku ndinabwera lija anali khumi ndi asanu ndi anayi. Lero ndi khumi ndi asanu ndi awiri. Nyumba iyi idzagwera mu Rukuru. Kaya chaka chino, kaya cha mawa, sindikudziwa, koma chidzayambe ndi chipinda chino."

A Brenda anadzuka pang'onopang'ono. Chimwemwe chonse chinali chitachoka pankhope.

"Tsiku lija munaziona zimenezi?"

"Ndinaziona."

"Koma munamwa."

"Ndinamwa. Amene anandipatsa ndi amama amene anandilera, ndipo anandigwadira. Ndinalephera kukana. Ndinakunamizani, anesi."

Anadikira kuti atukwanidwe, ndipo akanakonda kutukwanidwa. A Brenda sanakweze mawu. Anayang'ana makatani amene anasoka okha, anayang'ana neti, anayang'ana kapu yopanda kanthu m'manja mwa bamboyo.

"Malo a bambo anga ndinagulitsa," anatero motsitsa. "Chipinda cha lendi chija alowamo kale ena. Wezi anati kapu yanu sinama, ine ndinakhulupirira kapu. Bwenzi nditangokufunsani ndi pakamwa."

"Mwina sindikanayankha."

"Ndiye mwayankha lero, mabedi atalowa."

Madontho oyamba anagunda pa malata, akuluakulu, amodziamodzi. Pakhonde ana anakuwa mokondwera kuti mvula yabwera. A Brenda anatenga kapu m'manja mwa a Harawa, anaiika pawindo, anamasula neti, n'kugwira kumutu kwa bedi.

"Gwirani uko."

A Harawa anagwira kumiyendo. Bedilo linali lolemera, mwendo wawo wamanzere unkakana, ndipo pachitseko chopendekera chija linakakamira, mpaka analipendeketsa. Ali pakati pa khomo, kuseri kwa nyumba kunamveka phu, mawu aakulu ofewa a dothi logwera m'madzi, ndipo kapu ija inalira pawindo. Onse awiri anaima, bedi lili m'manja.

"Musaime, tiyeni," anatero a Brenda, osawayang'ana. "Tikalifikitsa pabalaza, mupite mukawerengenso mapazi aja. Ndipo mukabwera mundiuze ndi pakamwa."